Chometera cha malume chidandichiritsa chibwano

Ana asukulu salephera kupereka dzina. Mphunzitsi aliyense ali nalo lake, kaya akulidziwa kaya ayi. Langa ndidalidziwa mwangozi Lolemba lina m'mawa ndikudutsa kuseri kwa kalasi ya Fomu 3 pasukulu yasekondale yoyendera yomwe ndimaphunzitsa kuno ku Mchinji. Ndidamva mnyamata wina akuchenjeza anzake kuti: "Khalani chete, a Chinanazi akubwera!"

Ndidacheuka kuti ndiwaone a Chinanaziwo. Kumbuyo kwanga kudalibe munthu.

Sindidakwiye poti anawo sadaname. Chibwano ndi khosi langa zidali tiziphuphu tokhatokha, tina takuda, tina tamafinya, ndipo kolala ya malaya oyera sinkachedwa kuchita timadontho ta magazi. Ndidavutika choncho zaka 6, kuyambira pomwe ndidamaliza dipuloma yanga ku Domasi n'kuyamba ntchito. Ndalemba nkhaniyi chifukwa ndikayenda pamsika wa Kamwendo kapena pa Boma ndimaona abambo ambiri omwe zibwano zawo zili ngati momwe chidalili changa.

Wina anganene kuti ndikadangosiya kumeta. Zoona, koma ntchito yathu ndi yoima pamaso pa anthu. M'mawa uli pa asembule, masana m'kalasi, mawa lake pamsonkhano wa makolo. Ndevu zanga sizimera mwadongosolo, zimangoti apa pang'ono apo pang'ono ngati mtedza wodzalidwa mvula itadula. Ndikazisiya ndimaoneka ngati ndagona kumowa.

Njira zonse ndidaziyesa. Ndidayamba ndi lezala logwira ndi zala monga tidakulira kumudzi, koma ndinkadzicheka pafupifupi tsiku lililonse. Ndidapita kwa ometa ndi makina pamsika, koma ndi ulendo wa panjinga, ndipo magetsi akazima umabwerera ndi ndevu zako. Ndidagulako ufa wothothola ndevu uja, udandiwaula khungu mpaka ndidajomba kuntchito masiku awiri. Kenako ndidakhazikika pa zometera zapulasitiki za malezala awiri kapena atatu, zomwe zimabwera m'mapaketi okongola. Tsiku lometa nkhope inkasalala ngati ya mwana. Pakapita masiku awiri tiziphuphu mbwee. Chidali chikomekome cha mkuyu.

Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wochokera kunja adakwera mtengo koma malipiro adatsalira m'mbuyo. Chometera choyenera kutayidwa sabata imodzi ndinkachikoka mwezi wathunthu. Lezala lobuntha silidula, limazula, choncho zinthu zidaipiraipira.

Patchuthi china ndidapita kukaona malume anga cha ku Mkanda. Iwowa adagwira ntchito zaka zambiri ku Kabwe m'dziko la Zambia, ndipo ngakhale adapitirira zaka 70, chibwano chawo n'chosalala bwino. Atandiyang'anitsitsa adafunsa: "Mphwanga, kumasoko kwatani? Njuchi?"

Nditawafotokozera, adalowa m'nyumba n'kutulutsa kachitini kakale. Mudali chometera chachitsulo cha zidutswa zitatu: chogwirira, kambale ka pansi ndi chivindikiro. Lezala wamba, lija lakuthwa mbali zonse ziwiri, limalowa pakati, kenako mumamanga chogwirira. Azungu amachitcha safety razor. Malume adati adachigula asadakwatire.

"Iwe umalimbana ndi ndevu ngati ukusosa m'munda," adatero malume. "Ndevu sitilimbana nazo, timazinyengerera. Tenga ukayese, koma ukagula chako ubweze changachi."

Manyazi adandigwira nditabwerera n'kukhala pansi kuwerenga za nkhaniyi, chifukwa ine ndimaphunzitsa Biology ndipo yankho lidali m'phunziro langa lomwe. Tsitsi la ife anthu akuda ndi lopotana. Ndevu ikadulidwa, nsonga yake imasongoka ngati singano. Ikamakula imapindika n'kubaya khungu, kapena imalephera kutuluka n'kumakulira m'kati. Thupi limaitenga ngati munga, ndiye pamatupa, pamayabwa, nthawi zina pamachita mafinya. Madokotala amalitcha vutoli pseudofolliculitis barbae, ndipo limagwira kwambiri amuna a tsitsi lopotana.

Zometera za malezala angapo zidapangidwa kuti lezala loyamba lizikoka ndevu pang'ono, lotsatira lizidula. Ndevuyo ikabwerera, nsonga yake imakhala pansi pa khungu. N'chifukwa chake nkhope imasalala kwambiri tsiku loyamba, ndipo n'chifukwa chomwecho tiziphuphu timabuka. Kusalala komwe ndinkalipirira ndalama zambiri ndi komwe kunkandidwalitsa. Lezala limodzi lotchingidwa bwino limadula ndevu molingana ndi khungu, osapitirira.

Chometera cha mtunduwu si chachilendo. King Camp Gillette wa ku America adayamba kuchigulitsa mu 1903, ndipo chaka chimenecho adagulitsa zometera 51 ndi malezala 168 okha. Chidafala pankhondo yoyamba yapadziko lonse pomwe asilikali a dzikolo adapatsidwa aliyense chake. Mu 1962 kampani ya Wilkinson Sword ya ku Britain idatulutsa malezala osachita dzimbiri. Za malezala awiri zidabwera mu 1971, ndipo zapulasitiki zotaya za Bic mu 1975. Ubwino wa chakalechi ndi wakuti malezala ake ndi a muyeso umodzi. Kaya lapangidwa ku India, ku Egypt kapena ku Pakistan, limalowa m'chometera chilichonse. Simukhala kapolo wa kampani imodzi.

Koma si chometera chilichonse chachitsulo chomwe chili chofatsa. Changa choyamba ndidachigula mothamanga tsiku lamsika, ndipo chidanditema patsaya tsiku loyamba lomwe. Nditachiyang'ana bwino ndidapeza kuti lezala linkatuluka kwambiri mbali imodzi kusiyana ndi inayo. Kuyambira pamenepo ndimayendera lezala langa m'thumba, ndipo sindipereka ndalama ndisadaliikemo n'kuona zinthu zinayi.

Choyamba ndi mpata wa pakati pa lezala ndi kachitsulo kopingasa komwe kamatsogola pakhungu. Mpatawu ukakula, khungu limalowamo lambiri ndipo chometera chimakhala chaukali. Chofatsa chimakhala ndi mpata wochepa, wosafika ngakhale milimita imodzi.

Chachiwiri ndi kutuluka kwa lezala. Yang'anani chometera cham'mbali moyang'anizana ndi kuwala. Mpeni wa lezala uzingosuzumira pang'ono pakati pa chivindikiro ndi kachitsulo kopingasa kaja, ndipo uzituluka mofanana mbali zonse ziwiri, kuchokera kona ina kufika inzake. Ukapendekeka, chisiyeni ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo.

Chachitatu ndi kachitsulo kotsogolako. Zina zili ndi mano ngati chipeso, zina n'zosalala kapena za timizere chabe. Za mano zimathandiza pa ndevu zazitali, koma woyamba kumene komanso wa khungu losachedwa kutupa asankhe chosalala.

Chachinayi ndi mazinga a chogwirira. Mangani ndi kumasula kangapo. Lezala likamagwedera chitamangidwa, chidzakutemani. Zotchipa zambiri zimapangidwa ndi chitsulo chofewa chokutidwa ndi utoto wonyezimira, ndipo zikagwa pasimenti zimathyoka pamazinga pomwepo. Zamkuwa ndi zachitsulo chosachita dzimbiri ndi zomwe zimakalamba ndi mwini wake. Ziliponso zotsekula pozunguza chogwirira, mutu wake n'kutseguka ngati zitseko ziwiri. N'zosavuta kuikamo lezala, koma zotchipa za mtunduwu zimafooka msanga. Za zidutswa zitatu zilibe zambiri zoti ziwonongeke.

Musanyengeke ndi mtengo. Pali mayina otchuka monga Merkur ya ku Germany ndi Edwin Jagger ya ku England, koma mitengo yake si ya mphunzitsi wakumudzi. Gillette Tech yakale, yomwe imapezeka m'zitini za agogo athu ena, imadziwika padziko lonse kuti ndi yofatsa, chonsecho idali ya anthu wamba. Wilkinson Sword Classic, yomwe mbali yaikulu ndi pulasitiki yakuda, ndi yofatsanso ndipo siboola m'thumba. Chomwe ndimagwiritsa ntchito lero chilibe ndi dzina lomwe. Ndidachipeza m'sitolo ina ku Chipata nditaoloka pa Mwami, ndipo chidakhoza mayeso anayi aja. Opita ku Lilongwe afunse m'masitolo ogulitsa mafuta odzola ndi zipangizo za ometa.

Malezala nawo amasiyana. Feather ya ku Japan imadziwika ndi kuthwa koopsa, pomwe Derby ya ku Turkey ndi yofatsirapo. Kuno timapeza kwambiri monga Super-Max ndi ena a m'maokala. Gulani paketi imodzi imodzi ya mitundu iwiri kapena itatu, muyese, chifukwa lomwe lakomera mnzanu mwina inu likupwetekani. Likayamba kukoka m'malo modula, latha ntchito.

Chometera chabwino m'manja mwa munthu wopupuluma chimavulazabe. Ndevu youma ndi yolimba, koma ikamwa madzi kwa mphindi ziwiri kapena zitatu imafewa. Choncho ndimameta ndikangotha kusamba. M'miyezi ya June ndi July, pomwe Mchinji imazizira mpaka madzi a pamjigo kuluma zala, ndimapatula kapu ya madzi pa omwe mayi a kunyumba atereka pambaula, n'kunyika kansalu, n'kukafunditsa pachibwano. Kenako ndimapaka thovu lambiri. Sopo wosambira amakwanira bola thovu likhale lonyowa ndi loterera. Sopo wochapira amaumitsa khungu.

Musanamete, dziwani komwe ndevu zanu zidagonera. Zisiyeni masiku awiri, kenako sisitani ndi chala. Zili ngati udzu wa padenga: mukatsata momwe adafolerera dzanja limatsetsereka, mukabwerera chokweza limakodwa. Metani motsata, osati mobwerera. Pakhosi samalani kwambiri poti ndevu za pamenepo zimagonera uku ndi uku. Zanga kumanzere zimaloza kukhutu.

Gonekani mutu wa chometera patsaya, chogwirira chitaloza kutali ndi nkhope, ndipo muzichitsitsa pang'onopang'ono mpaka mumve lezala likuyamba kudula. Pamenepo ndi pomwe payenera, pafupifupi madigiri 30. Musakanikize, kulemera kwa chometeracho n'kokwanira. Kokani pafupipafupi, tsukani kawirikawiri, musakoke khungu ndi zala kuti limangike, ndipo musabwereze pamalo pomwe thovu lachoka. Mukatha sambani ndi madzi ozizira, n'kupaka mafuta pang'ono. Sipiriti amene timakonda uja amapweteka n'kuumitsa khungu, koma sabweza ndevu yomwe yalowa m'kati.

Chinthu china chomwe chidandithandiza n'chakuti ndisadayambe njira yatsopanoyi ndidaleka kumeta milungu inayi ya tchuthi kuti khungu lipole. Kumeta pamwamba pa tiziphuphu ndi kulima pachilonda. Ndinenenso chilungamo: alipo ena omwe ngakhale atachita zonsezi tiziphuphu sitiwasiya. Amenewo ndi bwino azidulira ndi makina n'kusiyako ndevu pang'ono, kapena kuzisunga mosamala. Ngati pali mafinya osatha kapena zipsera zotukuka zomwe zikukulirakulira, pitani kuchipatala. Osazikumba ndi singano.

Mitengo ikusinthasintha, choncho tiwerengere malezala m'malo mwa makwacha. Ndimameta katatu pasabata, ndipo lezala limodzi limandikwanira sabata yonse. Pachaka ndi malezala 52, omwe ndi mapaketi 11 a malezala asanu. Funsani mtengo wa paketi pa okala yomwe muli nayo pafupi, muyerekeze ndi zometera zotaya za chaka chonse kapena ndalama ya kwa ometa sabata ndi sabata. Chometera chenichenicho mumagula kamodzi. Mukatha ntchito chimasuleni, chitsukeni ndi kuchiumitsa, makamaka nthawi ya dzinja.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ngati mphunzitsi ndi kubwerekana. Anyamata a Fomu 3 ndi 4, makamaka omwe amachita lendi pafupi ndi sukulu, amagawana lezala limodzi anthu atatu kapena anayi. Kachirombo ka HIV kangathe kufala kudzera m'magazi otsalira palezala, ndipo koyambitsa matenda a chiwindi a Hepatitis B kamakhala ndi moyo kunja kwa thupi masiku 7 ngakhale kuposerapo. Lezala ndi la munthu mmodzi, kaya ndi kunyumba, kwa ometa kapena pamwambo wometa maliro. Lakutha musalitaye pabwalo poti ana amatola n'kumasongolera mapensulo. Ine ndimaponya m'chitini chomwe ndidaboola pachivindikiro, chikadzaza chimapita m'chimbudzi chokumba.

Teremu yatha, pophunzitsa za khungu, ndidatenga chometera changa n'kupita nacho m'kalasi. Ndidajambula pabolodi ndevu yopindika ikubaya khungu, n'kuwauza kuti dzina lawo lija ndimalidziwa. Adaseka mpaka ena kugwetsa misozi. Titaweruka, anyamata awiri adatsalira. Mmodzi adakweza chibwano n'kundionetsa khosi lake, tiziphuphu titayamba kale. "Aphunzitsi, ndiye chimenechi chimapezeka kuti?" adafunsa chapansipansi.

Akulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Malume adazima zanga, ndipo chometera chawo ndidabweza pamodzi ndi mapaketi awiri a malezala. Dzina la Chinanazi lokha ndilo lakana kuchoka. Ana a Fomu 1 omwe sadaonepo tiziphuphu tija akunditchulabe choncho, ndipo ndamva kuti amaganiza kuti ndimalima zinanazi.