Kapepala ka pa chivundikiro cha pampu ya oilo

Mmodzi wa ophunzira athu akale, amene tsopano amakhala ku Nangongwe ndipo amanyamula tomato kupita ku msika wa Soweto ku Lusaka, anatibweretsera Kombi yake mwezi wa Okutobala ali ndi dandaulo. Anali ataona oilo akudontha kuseri kwa pule, pa chivundikiro cha pampu ya oilo. Anamasula manati anayi aja, nadula gasiketi yatsopano pa katoni ya sopo, namanganso. Kudontha kunathadi. Koma kuyambira tsiku lomwelo, injini ikatentha pokwera zitunda za ku Chilanga, kanyale ka oilo kanayamba kuphethira akaima pa mzere wa magalimoto.

Iye sanachite zachilendo. Tonsefe tinaphunzira kudula gasiketi pa katoni pogogoda ndi kahamala m'mphepete mwa chitsulo, ndipo pa malo ambiri luso limeneli limapulumutsa mlimi amene ali kutali ndi sitolo. Pa pampu ya oilo pokha mpamene sililoledwa.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka pampuyo. Mu injini ya Volkswagen yozizira ndi mphepo, ya Beetle ndi Kombi, muli magiya awiri olumana, ozungulitsidwa ndi camshaft. Magiyawo amatunga oilo m'mipata ya mano awo ndi kumukankhira ku mabering'i. Chivundikiro ndicho khoma lotsekera mbali imodzi ya magiyawo, ndipo chimene chimalamula kutalikirana kwa khomalo ndi magiya ndi gasiketi. Ya kufakitale ndi yopyapyala ngati tsamba la m'kope, pafupifupi 0.1 mm. Katoni ya sopo imakhuthala kangapo kuposa pamenepo. Mukaiika, mwatsegula njira yoti oilo azibwerera m'mbuyo podutsa pa nkhope za magiya, m'malo mopita kumene akufunika. M'mawa oilo akadali wokhuthala vutoli silioneka. Masana a Okutobala kuno ku Kafue oilo amasungunuka ngati madzi, puresha imagwa, ndipo mabering'i a crankshaft amayamba kudyeka mwakachetechete. Buku la injiniyi limafuna kuti oilo atatentha madigiri 70, injini ikuzungulira ka 2,500 pa mphindi, puresha isatsike pansi pa 2 bar. Kanyale kaja kamayaka puresha itatsika kale pansi pa theka la bar, choncho kakayamba kuphethira ndiye kuti nkhani yapita patali.

Mukapita kukagula, dziwani kuti pampuyi ili ndi magasiketi awiri ofanana maonekedwe. Ina imakhala pakati pa thupi la pampu ndi injini, inayo pansi pa chivundikiro, ndipo yopyapyala kwambiri ndiyo ya chivundikiro. Taona amakanika odziwa ntchito akuzisinthanitsa chifukwa cha changu. Yezaninso mabauti anu: injini zakale kwambiri zili ndi a 6 mm, zapambuyo pake a 8 mm, ndipo mabowo a gasiketi amatsatira zimenezo. Musadalire chaka cholembedwa pa buku la galimoto. Beetle inaleka kupangidwa ku Uitenhage ku South Africa mu 1979, ku Mexico mu 2003, ndipo Kombi ku Brazil mu 2013. Galimoto imene yafika lero ili moyo yasinthidwa injini mwina kawiri kapena katatu, ndi ziwalo zochokera kumayiko onsewa. Nyamulani chivundikiro chenichenicho popita ku sitolo.

Musanamange, yang'anani nkhope ya mkati ya chivundikirocho. Mukapeza mizere iwiri yozungulira imene chikhadabo chimakodwamo, gasiketi yabwino yokha siikwanira. Yalani sandipepa wosalala pa galasi lafulati, dontheziranipo oilo pang'ono, ndipo pekesani chivundikirocho mozungulira monga mukulemba nambala 8 mpaka mizereyo itafufutika. Kenako ikani rula yachitsulo yowongoka pa thupi la pampu, popanda gasiketi, ndi kulowetsa feeler gauge pakati pa rulayo ndi magiya. Mpatawo ukapitirira 0.1 mm, pampu yatha, gulani ina.

Za silikoni wa m'chubu, ife pano sitimulola kufika pafupi ndi pampu. Amawonjezera kukhuthala kumene tikukuthawa, ndipo wotsala amafinyikira mkati, n'kuduka tizidutswa totseka sefa ndi njira za oilo. Kupaka oilo pang'ono pa kapepalako n'kokwanira. Manati a 8 mm amangidwe mopingasa, pang'onopang'ono, kufika pa 20 Nm. Kumanga ndi mphamvu zonse za mkono kumapinda chivundikiro, ndipo chimadontha kuposa kale.

Injini zina, monga Toyota 22R ya ma Hilux akale, zimatseka pampu ndi mphira wozungulira m'kangalande. Apo funso limakhala la mtundu wa mphira. Wa nitrile amapirira oilo mpaka madigiri pafupifupi 100, wa Viton mpaka pafupifupi 200. Mphira wambiri wa m'masitolo a mapaipi a madzi ndi EPDM, amene amatupa ndi kufewa akakhala mu oilo, ngakhale kuti m'maso ndi wakuda chimodzimodzi. Funsani dzina la mphirayo, ndipo wogulitsa akapanda kulidziwa, pitani pa sitolo ina.

Kombi ya ku Nangongwe ija tinaipima titaika gasiketi yoyenera ndi kusalaza chivundikiro. Kanyale kanazima, ndipo puresha inabwerera pamwamba pang'ono pa malire. Mabering'i anali atadyeka kale ndithu m'masabata atatu a katoni ija, kotero tamuuza mwini wake kuti asunge ndalama za tomato wa chaka chino, injiniyo idzatsegulidwe mvula isanathe.