Msonkho wa pa intaneti: ulere wake uli pati kwa munthu wa ku Dwambazi?

Akuluakulu a ku Dwambazi, m'mbali mwa msewu wa M5 kumpoto kwa boma la Nkhotakota, sadaiwale za msonkho. Agogo awo adayamba kukhoma m'zaka za m'ma 1890 pamene Harry Johnston adaika msonkho wa nyumba, ndipo amuna ambiri a kunyanja kuno adapita ku Joni ndi ku Harare kukasaka ndalama yake. Ngakhale titalandira ufulu mu 1964, bambo wopanda chiphaso cha msonkho ankagona kutchire akamva kuti amesenjala afika m'mudzi. Msonkho wa mutuwo udatha m'zaka za m'ma 1990.

Lero zinthu zasintha. Bungwe lotolera misonkho la MRA, lomwe lidayamba ntchito mu 2000, lidakhazikitsa njira ya Msonkho Online. Munthu amatenga nambala yake ya TPIN, kulemba zomwe wapeza pa chaka ndi kutumiza mafomu ali khale pakhomo. MRA silipiritsa kanthu pogwiritsa ntchito njirayi. Apa tiyamike, chifukwa ulendo wa pa minibasi wokapereka pepala limodzi unkadya phindu la sabata yathunthu.

Koma abale anzanga, kodi ndi ulere weniweni umenewu?

Tiyerekeze mayi wa golosale pa Dwambazi, kapena bambo wopikula usipa padoko nkukagulitsa ku Lilongwe. Kuti alowe pa Msonkho Online ayenera kukhala ndi foni yamakono kapena kompyuta, agule bandulo, netiweki igwire, magetsi otchajira akhalepo. Akalowa, apeza zonse zili m'Chingerezi cha owerengera ndalama, pomwe iye amayankhula Chichewa ndi Chitonga. Mapeto ake amasaka mnyamata wodziwa kompyuta ku Dwangwa, kumulipira, nkumuululira zinsinsi zonse za bizinesi yake. Chodabwitsa nchakuti mu 2015 boma lidaika msonkho wa K10 pa K100 iliyonse pa intaneti ndi mauthenga a pafoni. Ndiye kuti munthu akhome msonkho kuti apeze mpata wokhomera msonkho!

Wina anganene kuti asiye, asalembe. Si nkhani yophweka choncho ayi. Wochedwa kutumiza mafomu amalipitsidwa chindapusa. Komanso mlimi kapena wamalonda amene adadulidwa kale msonkho pogulitsa katundu wake ku kampani sangabwezeredwe yopitirira ngati sadalembe mafomu. Ndalama yake imangotsalira komweko, iye ali kakasi.

Vutoli si la kuno kokha. Ku America boma lidayesa mu 2024 njira yaulere yotchedwa Direct File, yoti nzika zizitumiza mafomu a msonkho mwachindunji. Makampani ogulitsa mapologalamu olembera msonkho adailimbana nayo kwambiri, ndipo boma litasintha njirayo idathetsedwa mu 2025. Phunziro lake nlakuti chinthu chomwe lamulo silidachimange chimapita ndi mphepo ya ndale. Ku South Africa, komwe kuli ana athu ambiri, bungwe la SARS limawerengeratu msonkho wa anthu ambiri apantchito nkuwatumizira uthenga, iwo nkungoona ngati zili bwino.

Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loyendetsera misonkho la Tax Administration Act mu 2021. Aphungu athu alibwererenso lamuloli ndi kulembamo zinthu zinayi. Choyamba, kutumiza mafomu a msonkho kukhale kwaulere mpaka kalekale. Chachiwiri, tsamba la Msonkho Online lizitseguka popanda bandulo pa TNM ndi Airtel; lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 lidakhazikitsa thumba la Universal Service Fund pansi pa MACRA lothandizira madera akumidzi, ndipo likhoza kusenza mtolowu. Chachitatu, mafomu a amalonda ang'onoang'ono akhale achidule, m'zinenero zathu. Chachinayi, munthu asalipitsidwe chindapusa ngati makina a MRA ndiwo adafa, ndipo alangizi a bungweli aziyendera misika ngati wa Dwambazi pa masiku odziwika.

Anthu a kunyanja sakukana msonkho. Akudziwa kuti mankhwala a pa chipatala cha Dwambazi ndi phula la M5 zimachokera komweko. Akungopempha kuti amene akufuna ndalama yawo asawalipiritsenso pakhomo polowera. Aphungu a Nkhotakota, nkhaniyi ili m'manja mwanu.