Kodi Ubongo Umafunadi Switi Kuti Uganize?

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi magawo 2 pa 100 alionse a thupi, komabe umadya magawo 20 a mphamvu zomwe thupi limagwiritsa ntchito munthu akakhala phee. Chakudya chake chachikulu ndi gulukosi, mtundu wa shuga woyenda m'magazi, ndipo patsiku umatha magalamu pafupifupi 120. Apa ndi pomwe pagona mphekesera yofala m'maofesi ndi m'misika: akuti wogwira ntchito ya mutu ayenera kumabwira zotsekemera pafupipafupi kuti nzeru zisathe.

M'maesiteti a tiyi a ku Thyolo, monga Satemwa, Makandi ndi Naming'omba, tiyi si wosowa, ndipo ambiri samuyesa tiyi ngati supuni sinalowe m'shuga katatu kapena kanayi. Nthawi yopuma, kalaliki amatsegula nyuzipepala n'kuyamba kudzaza mawu m'timabokosi, wina ali pafoni ndi Wordle, masewera oyerekeza liwu la zilembo zisanu omwe Josh Wardle adatulutsa mu 2021, pomwe akuluakulu ali pabawo. Pambali pamakhala mandasi, chigumu kapena botolo la chakumwa chozizira. Akafunsidwa amati akudyetsa ubongo.

Mfundoyi ndi yabodza. Kuganiza mozama kumawonjezera pang'ono chabe mphamvu zomwe ubongo umadya, chifukwa ntchito yake yaikulu imachitika usana ndi usiku, munthu ali mtulo kapena ali maso. Komanso ubongo sudikira switi. Nsima, chinangwa, mbatata ndi nthochi zikagayidwa m'matumbo zimasanduka gulukosi yemweyo. Akalowa m'magazi, kapamba amatulutsa insulini, yomwe imauza minofu ndi chiwindi kuti zitenge wotsalayo n'kumusunga. Chiwindi chimasunga pafupifupi magalamu 100, ngati nkhokwe, ndipo shuga wa m'magazi akayamba kutsika chimatapa pang'onopang'ono n'kubwezera. Nkhokweyo ikachepa, chimapanganso gulukosi wina kuchokera ku zinthu zina za m'thupi. N'chifukwa chake munthu wathanzi amene wadya nsima masana angathe kuwerengera malipiro a antchito onse a fakitale mpaka madzulo popanda kulawa bisiketi. Chomwe chimagalamutsa munthu akamwa kapu ya tiyi ndi kafeini wa m'masamba amene amathyoledwa m'minda yomweyo, osati masupuni anayi aja.

Shuga wosungunuka m'chakumwa amalowa m'magazi mwaliwiro, kapamba n'kuyankha ndi insulini wambiri. Zikamachitika tsiku ndi tsiku kwa zaka, thupi likunenepa, munthu akungokhala pampando, minofu imayamba kusamvera insulini. Apo ndiye poyambira matenda a shuga a mtundu wachiwiri. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 adapeza kuti Amalawi 5.6 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi matenda a shuga. Shuga wochuluka m'magazi amawononga timitsempha ta m'maso, mu impso, m'mapazi ndi mu ubongo momwemo. Komiti ya akatswiri ya magazini ya zachipatala ya The Lancet, mu 2020, idaika matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi pa mndandanda wa zinthu 12 zopeweka zowonjezera chiopsezo cha matenda oiwalaiwala a muukalamba. Ndiye wodzaza timabokosi kuti mutu usakalambe, uku dzanja lina lili m'pepala la mandasi, akumanga ndi kugumula nthawi imodzi.

Masewerawo nawonso asapatsidwe ulemu wopitirira. Amene amachita tsiku lililonse amakhaladi katswiri pa masewerawo, koma palibe umboni wokwanira woti paokha amaletsa kuiwala. Ubwino wake ulipo, makamaka akamasonkhanitsa anthu, monga zimakhalira pabawo kapena pa ndagi za madzulo, pakuti kusungulumwa nako kuli pa mndandanda uja.

Ena okonda shuga amadzikhululukira potchula vitamini A yemwe amaikidwa mu shuga wa Illovo wochokera ku Nchalo ndi Dwangwa. Vitaminiyo adaikidwamo kuti afikire mabanja ambiri, makamaka ana. Sadasandutse shuga kukhala mankhwala. Mapapaya, maungu ndi chisoso zili naye popanda kuwononga mano.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza mu 2015 kuti shuga wowonjezera asafike magawo 10 pa 100 a mphamvu za patsiku, kutanthauza masupuni aang'ono pafupifupi 12 kwa wamkulu, ndipo 6 ndiwo abwino koposa. Botolo limodzi la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi pafupifupi 8. Wothyola tiyi m'mapiri tsiku lonse amawotcha mphamvu zambiri kuposa wa muofesi, koma mano ake amabooka chimodzimodzi. Amene akumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kutopa kapena kuona mwachimbuuzi akayezetse magazi pa chipatala cha boma cha Thyolo kapena cha Malamulo ku Makwasa.