Waya wa magetsi m'nyumba: dziko lililonse ndi kachitidwe kake

Magetsi a ZESCO ku Zambia amalowa m'nyumba ndi mphamvu ya mavoti 230, chimodzimodzi ndi a ESCOM ku Malawi. Koma kayalidwe ka waya kuchokera pa mita kukafika pa soketi kamasiyana dziko ndi dziko, ndipo chachikulu chimene chimasiyanitsa ndi kamangidwe ka nyumba.

Kuno ku Nyimba ndi Petauke, nyumba yanjerwa imasemedwa ngalande m'khoma pulasitala asanapakidwe. M'ngalandemo mumakwiriridwa mapaipi apulasitiki otchedwa conduit, ambiri a mamilimita 20, ena 25, ndipo waya amakokedwa m'katimo mmodzimmodzi. Ubwino wake ndi wakuti waya akapsa kapena mwini nyumba akafuna kuwonjezera soketi, mmisiri amangosolola wakale n'kulowetsa watsopano, khoma osagumula. Ku United States nyumba zambiri ndi zamatabwa, m'kati mwa khoma muli mphako, choncho chingwe chokutidwa kale ndi pulasitiki chimangodutsa m'mabowo a matabwawo popanda paipi. Mzinda wa Chicago ndiwo umalimbikira mapaipi achitsulo ngakhale m'nyumba zogona. Ku Britain amakonda chingwe chaphanthiphanthi chokhala ndi waya atatu, pamene ku France amagwiritsa ntchito paipi yofewa yamakwinya yopindika ndi manja.

Kwa mfumu Luembe, m'chigwa cha Luangwa, paipi ili ndi ntchito inanso. Makoswe amatafuna chikopa cha waya wongoyalidwa pamitanda ya denga, ndipo chiswe chimadya mitanda imene wayayo wakhomedwapo. Kutentha nako n'kwina. Matebulo amene ife amisiri timawerengera kukula kwa waya amaganizira mpweya wa madigiri 30, koma mu Okutobala chigwachi chimapitirira 40, ndipo pansi pa malata pamaposa apo. Waya wotentha kale sanyamula moto wochuluka ngati wozizira. N'chifukwa chake kuthithikiza waya ambiri m'paipi imodzi pofuna kupulumutsa ndalama n'koopsa kuno kuposa kumaiko ozizira.

Ngozi yeniyeni yagona pa mitundu ya waya. Zambia ndi Malawi adatengera dongosolo lakale la Britain: wofiira ndi wamoto, wakuda ndi wobwezera, wobiriwira wamizere yachikasu ndi wopita pansi. South Africa nayo imayala wofiira ndi wakuda m'makoma. Britain mwiniwake adasintha pakati pa 2004 ndi 2006, n'kutengera Ulaya yense, kumene wamoto ndi wabulawuni ndipo wobwezera ndi wabuluu. Mitundu imeneyi ndi imene imapezeka m'chingwe cha ketulo kapena ayironi yogula m'sitolo. Ku United States wakuda ndiye wamoto, wobwezera ndi woyera. Munthu wophunzira kumanga waya poonera mavidiyo a ku America pa foni akhoza kusokoneza zonse, chifukwa wakuda wa kumeneko si wakuda wa kuno. Mmisiri wodziwa ntchito sakhulupirira mtundu wokha, amayamba wayeza ndi tesita asanagwire.

Mapulagi nawo ali ndi mbiri. Pulagi ya mano atatu amakona idayamba ku Britain mu 1947, ndipo m'kati mwake muli fyuzi yosapitirira maampu 13. Fyuziyo ilipo chifukwa masoketi a kumeneko amalumikizidwa mozungulira pa breaker (chodula magetsi akachuluka) imodzi ya maampu 32, yomwe singateteze kachingwe kakang'ono ka wailesi. Pulagi ya mano ozungulira akuluakulu ya ku South Africa ilibe fyuzi, popeza kumeneko breaker ya masoketi imakhala yaing'ono. Katundu wolowera pa Chanida kuchokera ku Mozambique nthawi zambiri amakhala ndi mano awiri owonda. Anthu amatosa bowo lapamwamba la soketi ndi kamtengo kuti mano awiriwo alowe, ena amachotsa fyuzi yopsa n'kukulungapo kawaya. Zonse ziwiri zimachotsa chitetezo chimene wopanga adaikamo. Chabwino n'kudula pulagi yachilendoyo n'kuikapo ya mano atatu ya fyuzi yoyenera. Chipangizo chochokera ku America, cholembedwa 120V pokha, chimapsa chikalowa pa soketi ya kuno.

Kukula kwa waya kuno kumayezedwa m'masikweya milimita: 1.5 wa mababu, 2.5 wa masoketi, 6 wa sitovu. Ku America amawerengera nambala, ndipo nambala ikachepa waya amanenepa, 12 ndi wamkulu kuposa 14.

M'midzi yambiri ya ku Luembe magetsi oyamba kulowa m'nyumba ndi a sola, ndipo apa ambiri amalakwitsa poganiza kuti mavoti 12 sangavulaze. Kugwira n'zoona sagwira munthu, koma amayatsa moto. Chipangizo cha mawati 60 chimakoka pafupifupi kota ya ampu pa mavoti 230, koma pa batire ya mavoti 12 chimakoka maampu 5. Motero sola imafuna waya wonenepa, waufupi, ndi fyuzi pafupi penipeni ndi batire. Kawaya ka sipika kosomekedwa m'denga laudzu, kolumikizidwa ndi pepala lapulasitiki, kangathe kumaliza nyumba yonse. M'nyumba yaudzu waya ayenera kuyenda m'paipi yokhomedwa pakhoma, kutali ndi udzu.

Maiko onsewa amagwirizana pa waya wopita pansi. Chitsulo chake chikhomedwe mozama panthaka yachinyezi, ndipo m'bokosi logawa magetsi (DB) mukhale chozimitsa cha mamiliampu 30 chimene chimadula magetsi munthu akagwidwa. Amene akumanga nyumba yanjerwa ku Luembe lero akwirire mapaipi asanapake pulasitala, ngakhale mapolo a magetsi asanafike pamudzipo.