Kodi Conan anachokera kuti?

Mwana wa mlongo wanga anandifunsa kuti Conan, chimphona cha lupanga chija cha mu filimu ya Arnold Schwarzenegger ya 1982, anali mfumu ya dziko liti. Nanenso funsoli linkandizunguza kale, poti dzinalo ndi la ku Ireland koma dziko lake silipezeka pa mapu.

Anamupeka ndi Robert E. Howard, mwana wa dokotala wa m'tauni yaing'ono ya Cross Plains ku Texas. Nthano yoyamba inatuluka mu 1932 m'magazini ya Weird Tales, yosindikizidwa pa mapepala otchipa.

Howard anamusoka Conan ngati telala wolumikiza zidutswa za nsalu. Maufumu ndi nkhondo anazitola m'mabuku a mbiri yakale, zoopsa zina anatengera kwa mlembi mnzake H. P. Lovecraft yemwe ankalemberana naye makalata. Koma chimene chimandigwira mtima n'chakwawo. Mafuta atapezeka m'deralo, tauniyo inadzaza ndi anthu ankhonya, ajuga ndi ogulitsa mowa mozemba, ndipo bambo ake ankasoka mabala a ovulala. Howard ananena yekha kuti Conan ndi amuna amenewa atawaphatikiza pamodzi. Iyenso ankasewera nkhonya.

Howard anamwalira mu 1936 ali ndi zaka 30.