Paipi Imayesedwa Isanayalidwe

Amai amene amatunga madzi pa mpope pa Boma la Mchinji kapena pa Kamwendo akudziwa chimene chimachitika madzi akabwera atasowa masiku awiri. Mpope uja umayamba watsokomola, nulabvula timadzi, kenaka mphepo yokhayokha, kenaka madzi amphamvu ogwetsa ndowa. Chifukwa chake n'chakuti m'paipimo muli zinthu ziwiri, madzi ndi mpweya, ndipo ziwirizi siziyendera limodzi. Mpweya umasonkhana pamene paipi yakwera chitunda, madzi natsalira m'zigwa.

Pa mpope wa m'mudzi bvuto lotere limangonyowetsa chitenje. Koma m'mapaipi akuluakulu a mafuta ndi gasi likhoza kuononga makina a ndalama zambiri, ngakhale kupha anthu.

Mafuta a galimoto amene amagulitsidwa ku Mchinji amachokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amafika pa magalimoto a matanki, pakuti Malawi alibe paipi yochokera ku nyanja ya mchere. Anansi a ku Zambia ali nayo. Paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710, inatsegulidwa mu 1968 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, njira ya kumwera itabvuta chifukwa cha mkangano wa Rhodesia wa 1965. Kuyambira 2023 paipiyi imanyamula dizilo. Nchito yake si yapafupi ai, komabe m'katimo mumayenda chinthu chimodzi, ndipo masamu ake akatswiri anawadziwa kale.

Kobvuta kweni kweni ndi pa chitsime. Kumpoto kwa Mozambique, m'nyanja ya ku Cabo Delgado, chombo cha Coral Sul chinayamba kutumiza gasi kunja mu 2022. Zitsime zake ziri pansi pa madzi akuya pafupifupi makilomita 2. Chotuluka m'chitsime chotere si gasi yekha: mumakhalanso madzi ndi mafuta opepuka. Nthawi zina zamadzizo zimayenda pansi pa paipi, gasi napita pamwamba pake. Nthawi zina zimadzaza pamalo otsika kufikira gasi wa kumbuyo atazikankha zonse pamodzi, ndipo zimafika pa makina monga madzi a pa mpope paja, koma zolemera koposa. Palinso kuzizira. Pansi pa nyanja madzi ndi gasi zikapanikizidwa pamalo ozizira zimaumbika ngati matalala, n'kutseka paipi. Munthu sangatsikireko ndi khasu kukatsegula.

Tsono akatswiri amayamba ayala paipiyo m'kompyuta asanagule chitsulo n'chimodzi chomwe. Amauza makinawo utali wa paipi, kukula kwa kamwa lake, zitunda ndi zigwa zonse za m'njira, kuzizira kwa madzi, ndi msanganizo wotuluka m'chitsime. Pulogalamu ya m'kompyutayo imadula paipi m'tizigawo tambirimbiri, niwerengera pa kachigawo kali konse kuti gasi akuthamanga bwanji, madzi aima pati, ndipo mphamvu yokankha yatsala yotani. Ikatero imabwereza masamu omwewo pa kamphindi kotsatira, mpaka itaonetsa za tsiku lathunthu.

Apo mmisiri amafunsa mafunso amene sangayerekeze kuwayesa pa paipi yeniyeni. Nanga makina atazima usiku wonse, matalala aja adzayamba patapita maola angati? Mankhwala oletsa kuundana athiridwe ochuluka bwanji? Thanki yolandira zamadzi zobwera mwadzidzidzi ikule motani? Ambiri amaganiza kuti paipi yaikulu ndiyo yabwino nthawi zonse, koma makinawa amaonetsa kuti ikakulitsa gasi amayenda pang'onopang'ono nalephera kunyamula madzi, ndipo madziwo amadikha m'zigwa.

Pulogalamu yodziwika kwambiri pa nchitoyi ndi OLGA, imene inakonzedwa ku Norway m'zaka za m'ma 1980. Eni ake sanangokhulupirira masamu. Pa Tiller, pafupi ndi mzinda wa Trondheim, anamanga mapaipi oyesera, nathiramo gasi ndi mafuta, nayerekeza zimene anaona ndi zimene kompyuta inanena. Awerengi asaiwale mbali imeneyi, pakuti kompyuta imayankha molingana ndi zimene yauzidwa. Woyesa njira akaiwala chigwa chimodzi, makinawo sadzachidziwa, koma madzi adzachipeza.

Aphunzitsi angathe kuonetsa ana zonsezi ndi kapaipi koonekera m'kati kamene amisiri omanga nyumba amayesera nako maziko. Akapinde kawiri kuti kakhale ndi chigwa ndi chitunda, athiremo madzi pang'ono, ndipo mwana mmodzi auziremo mpweya, poyamba pang'onopang'ono, kenaka mwamphamvu. Amene waima kutsogolo kwa kapaipiko ayambe waika mabuku ake patali.