Masewero a pasukulu amayendera nyengo: makalabu tikonzekere

Achinyamata anzathu, kodi mukudziwa kuti masewero m'sekondale za m'matauni aang'ono monga Ntcheu ndi Mchinji amayendera nyengo? Chaka cha sukulu chili ndi materemu 3.

Teremu yoyamba imayamba mu Seputembala, kunja kukutentha. Apa aphunzitsi amasankha osewera mpira wamiyendo ndi wamanja. Nawonso makalabu a zisudzo, mtsutso, zachilengedwe ndi Edzi Toto amalemba mamembala atsopano, makamaka a Fomu 1.

Teremu yachiwiri imayamba mu Januwale, m'kati mwa dzinja. Mabwalo amachita matope, ndipo ambiri akaweruka amathamangira kumunda. Choncho zochitika za m'kalasi monga zisudzo ndizo zimakula.

Mu teremu yachitatu mabwalo amakhala atauma ndipo mipikisano ndi sukulu zina imachuluka. A Fomu 4 amatanganidwa ndi mayeso a MSCE, motero achichepere amapeza danga m'timu.

Vuto limadza pa tchuthi chachitali cha mu Ogasiti. Mpira ukatsekeredwa mu ofesi, anzathu ena amakathera kumabala ndi m'nyumba zoonetsera kanema, komwe atsikana amakopedwa ndi ndalama za abambo akuluakulu. Apa mpamene makalabu athu akufunika. Tipemphe bwalo kwa ahedi sukulu isanatsekere, tikonze mpikisano wa midzi, ndipo atsikana tiwapatse nthawi yawoyawo yosewera.

Tisadziderere chifukwa chokhala kutali ndi mizinda ikuluikulu. Mwai Kumwenda, yemwe anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse wa mpira wamanja ku Sydney mu 2015, ndi mwana wa ku Mzimba.